ZILEMBO ZA BULASHI PA MAKOMA A KU ZINGWANGWA

Munthu wotsika minibasi pa msika wa Zingwangwa, mu mzinda wa Blantyre, amayamba kuŵerenga asanaponde n'komwe pansi. Khoma la golosale likumuuza za sopo ndi shuga, thabwa lokhomedwa pa mtengo likumulozera kwa telala, chitseko cha malata chikumuitana kuti akamete tsitsi, ndipo pa mpanda wina pali chenjezo lakuti anthu asataye zinyalala pamenepo. Zambiri mwa zolembedwazi sizidatuluke m'makina ayi. Adazilemba ndi munthu, ataimirira pa benchi kapena pa makwerero, kachitini ka penti kali kumanzere, bulashi ili kumanja. Zomwezi zimaonekanso ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, ndiponso pa malo a malonda a m'maboma onse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Pakati pa zilembo zimenezi pali mtundu umodzi umene diso limathamangirapo msanga. Zilembo zake n'zopendekera kumanja, zogwirana chimodzi ndi chinzake, zonenepa pena ndi kuonda pena, ndipo chilembo chotsiriza nthaŵi zambiri chimakoka mchira umene umabwerera kunsi kwa liwu lonse. Masiku ano zilembo zotere zikupezekanso mu kompyuta ndi m'mafoni, kotero kuti mnyamata wokonza makadi a ukwati amangozisankha pa mndandanda popanda kugwira penti. Nkhani ino ikufotokoza kumene zilembozi zidachokera, chifukwa chake zimakopa anthu, ndiponso malo amene ziyenera ndi amene siziyenera. Mfundo zake zikukhudza mwini okala amene ali ndi ndalama zolembetsera chikwangwani chimodzi chokha, ndiponso mmisiri amene banja lake limadyera pa bulashi.

Mmene bulashi imalembera

Maonekedwe a zilembozi amachokera ku chida chimene chimazilemba. Bulashi ya wolemba zikwangwani ili ndi ubweya wautali, wofeŵa, ndipo nsonga yake ndi yaphanthiphanthi ngati ya tchizulo. Mmisiri akaikokera kunsi, mlifupi wake wonse umakhudza khoma, mzere n'kutuluka wonenepa. Akaiyendetsa chammbali kapena chokwera, imakhudza ndi kam'mphepete kokha, mzere n'kutuluka woonda. Penti ikamatha pa ubweya, kumapeto kwa mzere kumatsala timipata tooneka ngati tsache lapitapo. Kunenepa, kuonda ndi timipata timeneti ndizo zimauza diso kuti pano padadutsa dzanja la munthu.

Ntchito siyambira pa penti. Mmisiri amayamba wapaka choko pa chingwe, n'kuchikunga pa khoma, n'kuchikoka pang'ono kuti chimenye khomalo ndi kusiya mzere wowongoka. Mizere iŵiri kapena itatu yotere ndiyo imasunga msinkhu wa zilembo, monga momwe mizere ya m'kope imasungira dzanja la mwana wa Sitandade 2. Kenaka amaŵerenga zilembo za liwu kuti apeze pakati pake. Dzina lakuti Zingwangwa lili ndi zilembo 10, ndipo wongoŵerenga chabe angati pakati pali pambuyo pa chilembo chachisanu. Koma mmisiri wozoloŵera amadziŵa kuti i ndi wowonda pamene w ndi wotambalala, choncho amayeza ndi diso ndi kulemba kaye ndi choko asanaviike bulashi. Amene salabadira zimenezi ndiwo amasiya zikwangwani zoyamba ndi zilembo zikuluzikulu n'kuthera ku tizilembo tothinana kumapeto kwa thabwa.

Penti nayo ili ndi muyeso wake. Ya mafuta amaisungunula ndi thinala kapena palafini. Ikasungunuka kwambiri imayenderera pa khoma ngati misozi, ikalimba kwambiri bulashi imakakamira ndipo mzere umaduka panjira. Amisiri ena amagwira kandodo kokulunga kansalu kunsonga, n'kukatsamiritsa pa khoma kuti dzanja lolemba litsamirepo, lisanjenjemere ndiponso lisakhudze penti yaiŵisi.

Pali chifukwa cha ndalama chimene zilembo zopendekerazi zidachulukira m'matauni. Chilembo chowongoka, cha makona, chimafuna rula. Mmisiri amayamba wajambula m'mphepete mwake, kenaka n'kudzaza m'kati. Chilembo cha bulashi chimatha ndi mikoko iŵiri kapena itatu. Ntchito imene ikadatenga tsiku lonse imatha dzuŵa lisanafike pamutu, ndipo mtengo wake umatsika. Komanso pa khoma la pulasitala wa mabampu, mzere wowongoka ukakhota pang'ono aliyense amaona, pamene chilembo chovinavina chimabisa kukhotako.

Luso lakalekale

Kulemba pa makoma ndi bulashi sikudayambe dzulo. Mzinda wa Pompeii ku Italy udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ndipo pamene anthu adaufukula adapeza makoma ake ali ndi zolemba za penti yofiira ndi yakuda, zopempha anthu kuti asankhe wakutiwakuti pa udindo. Olemba ake anali amisiri olipidwa, ndipo ena adasiya maina awo pamenepo. Aliyense amene adaona makoma a ku Blantyre pa nthaŵi ya chisankho, kuyambira chija cha 1994, angazindikire ntchito imeneyi msanga.

Ngakhale zilembo zogoba pa miyala ya ku Rome zikuoneka kuti zidayambira pa bulashi. Wansembe wina wa ku America, Edward Catich, amene adagwirapo ntchito yolemba zikwangwani ku Chicago, adaphunzira mosamala zilembo za pa chipilala cha mfumu Trajan, cha m'chaka cha 113. M'buku lake la mu 1968 adaonetsa kuti mmisiri ankayamba walemba pa mwalawo ndi bulashi yaphanthiphanthi, wogoba n'kubwera pambuyo kutsata mizere ya penti. Ndiye kuti zilembo zazikulu zimene ana amaphunzira m'sukulu za ku Malaŵi lero zili ndi bulashi ku chiyambi kwake.

Pamene makina adayamba kutsanzira dzanja

Nyumba zosindikizira mabuku, monga zimene amishoni adakhazikitsa ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Nkhoma ndi ku Likuni, zinkagwiritsa ntchito zilembo za chitsulo. Chilembo chilichonse chinali pa kachitsulo kakekake, ndipo wotchera ankazindandalika chimodzichimodzi. Zilembo zotere zimaima padera ngati asilikali pa perete, ndipo n'zoyenera Baibulo, nyuzipepala ndi buku la sukulu. Koma amalonda a ku America ndi ku Ulaya ankafuna kuti zolengeza malonda awo m'manyuzipepala zizioneka ngati zikwangwani za pa zenera la sitolo, zimene olemba ndi bulashi ankapanga. Apa m'pamene opanga zilembo za chitsulo adayamba kutsanzira dzanja.

M'chaka cha 1942 kampani ya American Type Founders idatulutsa zilembo zotchedwa Brush Script, zimene adajambula ndi Robert E. Smith. Zilembo zake zazing'ono adazikonza kuti mchira wa chimodzi uzikumana ndendende ndi mutu wa chinzake, mwakuti pa pepala liwu limaoneka ngati lalembedwa bulashi isadanyamuke. Mu 1951 kampani yomweyo idatulutsa Dom Casual, zilembo zosagwirana koma zooneka ngati zolembedwa mofulumira pa kadi ya mitengo ya katundu. Ku France, Roger Excoffon adatenga kalembedwe ka dzanja lake lomwe n'kupanga zilembo zimene zidatuluka mu 1953 ku Fonderie Olive, mu mzinda wa Marseille. Adazitcha Mistral, dzina la mphepo yozizira ndi yamphamvu ya kummwera kwa dziko lake, imene anthu a kumeneko amaidziŵa monga momwe asodzi a ku nyanja amadziŵira mwera. Ndipo zilembozo zimaonekadi ngati zikukankhidwa ndi mphepo.

Kuyambira mu 1961 kampani ya Letraset ya ku Britain idayamba kugulitsa zilembo zomata pa mapepala oonekera, zimene wojambula ankazikhula ndi cholembera kuti zikakamire pa pepala lake. Pambuyo pake kompyuta idatenga malo a zonsezi. Brush Script ndi Mistral zidaloŵa m'mapulogalamu a Microsoft, n'kufika pa desiki ya kalaliki aliyense. Zilembo zatsopano monga Lobster za Pablo Impallari, za mu 2010, ndi Pacifico za Vernon Adams, za mu 2011, zimapezeka kwaulere pa intaneti. Choncho mtsikana wa pa kashopu kosindikiza ku Zingwangwa akasankha mtundu wa zilembo, umene iye amautcha fonti, amakhala akubwereka dzanja la olemba zikwangwani a maiko ena amene adakhalako zaka makumi angapo zapitazo. Makina ndiwo adaphunzira kwa mmisiri.

Chifukwa chake zimakopa

Zilembo zowongoka zimalankhula ngati ofesi: fomu ya boma, chikalata cha khoti, chidziŵitso cha banki. Zilembo za dzanja zimalankhula ngati mnansi. Munthu akaziona amakumbuka kalata yochokera kumudzi kapena dzanja la mphunzitsi pa bolodi, ndipo mumtima mwake amamva kuti kuseri kwa chikwangwanicho kuli munthu amene angakambirane naye mtengo.

Makampani aakulu adadziŵa zimenezi kalekale. Dzina la Coca-Cola limene lili pa makoma a magolosale lidachokera ku dzanja la Frank Mason Robinson, mlembi wa ndalama wa ku Atlanta, amene adatcha chakumwacho dzinali mu 1886 ndi kulilemba m'kalembedwe ka cholembera kamene akalaliki a ku America ankaphunzira nthaŵi imeneyo. Dzina la Carlsberg, moŵa umene fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, adalijambula ndi Thorvald Bindesbøll mu 1904. Maina aŵiriŵa ngakhale munthu wosadziŵa kuŵerenga amaŵazindikira ali patali, chifukwa liwu lonse lidasanduka chithunzi chimodzi. Imeneyi ndiyo mphamvu yeniyeni ya zilembo zogwirana: dzina lalifupi limakhala ngati siginecha ya mwini wake.

Pamene ziyenera ndi pamene siziyenera

Mphamvu yomweyi ndiyo imabweretsa vuto. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zikwangwani zambiri zokongola zalephera ntchito imene mwini wake adazilipirira, chifukwa wodutsa amayamikira kukongola koma osamva chimene chikugulitsidwa.

Zilembo za bulashi zimayenera pa dzina la shopu, pa mutu wa kadi ya ukwati kapena ya chinkhoswe, pa chikwangwani cha saluni, pa malo odyera, pa masikipa a kwaya, ndiponso pa mawu achidule olembedwa kumbuyo kwa minibasi. Pa malo onseŵa mawu ndi ochepa, aŵiri kapena atatu, ndipo cholinga n'kuitana munthu. Zotsalazo, monga tsiku, nthaŵi, malo ndi mndandanda wa katundu, ziyenera kulembedwa ndi zilembo zowongoka, zopanda zokometsera. Kadi ya ukwati imene maina a mkwati ndi mkwatibwi ali opendekera, koma dzina la tchalitchi ndi nthaŵi zili zowongoka, imakongola ndiponso imafikitsa alendo pa nthaŵi yake.

Manambala ndiwo oyamba kupeŵa. M'zilembo zopendekera 1 amafanana ndi 7, ndipo 5 wothamanga amasanduka 6. Kwa wogulitsa tomato kulakwa kotere kungangobweretsa mkangano wa mtengo, koma kwa wothandiza anthu kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, nambala yosaŵerengeka bwino ingatumize ndalama za munthu kwa mlendo. Chimodzimodzinso pa botolo la mankhwala, pa chenjezo la magetsi ndi pa chikwangwani cha pa msewu. Ku Britain, pakati pa 1957 ndi 1963, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert adakonza zilembo za zikwangwani za m'misewu poganizira dalaivala amene ali ndi kamphindi kochepa koti aŵerenge, ndipo zilembo zawo zidatuluka zowongoka, zotalikirana bwino, zopanda mchira uliwonse wosafunika. Pamene moyo wa munthu uli pa chiswe, kukongola kumapatuka.

Lamulo lina n'lakuti zilembo zogwirana sizilembedwa zazikulu zokhazokha. Chilembo chachikulu cha mtundu umenewu adachipanga kuti chiziima patsogolo, zazing'ono n'kumatsatira. Zazikulu zikandandalikana zokhazokha michira yake imakolana ngati mpanda wa minga. Kukula kwa chilembo nakonso kumayendera mtunda: olemba zikwangwani ali ndi muyeso wakale wakuti inchi imodzi ya msinkhu imaŵerengeka bwino pa mtunda wa mapazi 10. Chikwangwani chofuna kuitana munthu wa tsidya lina la msewu sichingalembedwe ndi tizilembo ta m'kalata. Ndipo penti yakuda kapena yobiriŵira kwambiri pa khoma loyera imaŵerengeka kuposa yachikasu pa loyera, kaya zilembozo n'zokongola chotani.

Wolembetsa chikwangwani akumbukirenso kuti makasitomala ake ena adalekeza sukulu msanga, ena ndi okalamba amene maso ayamba kuchita chidima, ena ndi ana otumidwa. Onseŵa amaŵerenga chilembo chimodzichimodzi. Kwa iwo liwu lakuti "chigayo" kapena "telala" liyenera kuoneka poyera, ngakhale dzina la mwini malo litavina pamwamba pake.

Chicheŵa ndi zilembo zochokera kunja

Pali zovuta zina zimene Smith ndi Excoffon sadaziganizire, chifukwa ankalembera Chingerezi ndi Chifalansa. Choyamba, mawu a Chicheŵa ndi aatali ndipo adadzala ndi m, n, u, w ndi i. M'kalembedwe kogwirana zilembo zisanuzi zimapangidwa ndi mkoko umodzimodzi wokwera ndi kutsika. Mawu monga "mwini," "mwamuna" kapena dzina la Chimwankhunda, dera loyandikana ndi Zingwangwa, amasanduka mizere ya m'munda imene munthu sadziŵa kuti chilembo ichi chathera pati ndipo chinacho chayambira pati. Mmisiri waluso amatambasula mpata pakati pa zilembo zotere, kapena amanyamula bulashi pakati pa m ndi w kuti diso lipume. Kompyuta imangozilumikiza monga idauzidwira.

Chachiŵiri ndi nkhodolero, kachizindikiro kaja ka pamwamba m'mawu monga "ng'ombe" ndi "m'nyumba." M'Chicheŵa kachizindikiroka kamasintha tanthauzo: ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. M'zilembo zopendekera za makina kamakhala kakang'onong'ono, kopanikizika pakati pa g ndi o, ndipo pa chikwangwani cha butchala kamasoŵa munthu akaima patali. Wolemba ndi dzanja amakakulitsa ndi kukapatsa malo.

Chachitatu ndi w wa tsindwi. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo chilembo cha ŵ chidali m'malamulowo. Manyuzipepala ambiri a masiku ano sachilemba, koma chikadalipo m'mabuku ndi m'maina, ndipo alipo anthu amene amafuna kuti dzina la dziko lino lizilembedwa nacho. Zilankhulo zokhala ndi chilembochi n'zoŵerengeka, china mwa izo ndi cha anthu a ku Wales, kotero kuti mitundu yambiri ya zilembo zokometsera ilibe ŵ. Munthu akachitayipa, kompyuta imabwereka chilembo cha mtundu wina kapena imaika kabokosi, liwu n'kuoneka ngati malaya a chigamba. Kwa mmisiri wa bulashi tsindwi ndi timikoko tiŵiri basi.

Palinso kubwereza. Mu dzina la Zingwangwa, "ngwa" akubwera kaŵiri. Makina amatulutsa ma g aŵiri ofanana ndendende, ndipo diso limazindikira msanga kuti dzanjalo n'lonamizira, chifukwa palibe munthu amene amalemba chilembo chimodzi mofanana kaŵiri. Opanga zilembo za kompyuta masiku ano amajambula a, g kapena n m'njira ziŵiri kapena zitatu kuti makina azisinthanitsa. Akuvutikira chinthu chimene dzanja limachita mwachibadwa.

Mmisiri ndi makina osindikiza

Makina osindikiza zikwangwani za pulasitiki ndi masitika afika m'matauni onse a ku Blantyre, ndipo ubwino wake ndi wosabisika. Amatha kuika chithunzi chenicheni cha keke kapena cha tsitsi lomangidwa, amatulutsa zikwangwani makumi asanu zofanana tsiku limodzi, ndipo mwini ntchito amaona zonse pa kompyuta asanalipire. Amisiri ambiri a bulashi ntchito yaŵachepera chifukwa cha zimenezi.

Komabe penti ili ndi malo ake. Inki ya pa pulasitiki imasuluka ndi dzuŵa la mwezi wa Okutobala, ndipo mphepo imang'amba chikwangwani chomangidwa ndi zingwe, pamene penti ya mafuta yopakidwa pa khoma lokonzedwa bwino imapirira mvula zingapo. Khoma silibedwa usiku. Magetsi akazima bulashi imagwirabe ntchito. N'chifukwa chake ngakhale makampani a mafoni ndi a zakumwa, amene ali ndi ndalama zosindikizira chilichonse, amatumabe amisiri kukapenta makoma a magolosale m'mbali mwa misewu.

Wolembetsa, kaya kwa mmisiri kaya ku makina, alembe yekha mawu ake pa pepala, aŵerengetse munthu wina wodziŵa kalembedwe, ndipo aone choko kapena chithunzi cha pa kompyuta penti kapena inki isanagwe. Akatero aime patali, pamene kasitomala adzaime, n'kuyesa kuŵerenga. Chilembo chimodzi chosoŵa chimaseketsa anthu kwa zaka, ndipo kuchikonza kumafuna ndalama zina.

Kwa achinyamata amene aphunzira kukonza zinthu pa kompyuta, amisiri akale a m'matauni aŵa ndi sukulu imene ili pafupi. Iwo amadziŵa kutalikitsa zilembo, kusankha mitundu imene imaoneka pa fumbi ndi pa dzuŵa, ndiponso kukwanitsa liwu lalitali la Chicheŵa pa thabwa lalifupi. Makoma amapentedwanso chaka ndi chaka, ndipo zolemba za amisiri amene adatsogola zikufufutika. Foni ya m'thumba ingathe kuzijambula zisanathe, ndipo zida zopangira zilembo za kompyuta zikupezeka kwa aliyense wofuna kuphunzira. Brush Script idachokera ku zikwangwani za ku America, Mistral idachokera ku dzanja la munthu mmodzi wa ku France. Palibe choletsa kuti dzanja la mmisiri wa ku Zingwangwa kapena wa ku Ndirande nalonso lisanduke mtundu wa zilembo, wokhala ndi nkhodolero yooneka bwino, w wa tsindwi, ndi mpata wokwanira pakati pa m ndi w.